Makuponi tsidya lija, minda tsidya lino: kwabwino n'kuti kwa mlimi wa m'malire?

Chaka chilichonse mvula ikamayandikira, mafoni amene amabwera m'pologalamu ya alimi pa wailesi ino amakhala ndi dandaulo limodzi. Anzathu a ku Dedza ndi ku Ntcheu ayamba kulembedwa maina kuti agule feteleza wotchipa, nanga ife boma lathu lili kuti? Ofunsawo si anthu ongomva za m'maluwa. Ndi alimi a ku Dómuè, Calómuè, Biri-Biri ndi Tsangano, amene munda wawo umathera pamene wayambira munda wa alamu awo a ku Malawi, ndipo amaona ndi maso matumba akutsitsidwa pa njinga kutsidya kwa msewu. Funsolo ndi loyenera. Koma kuponi ndi mankhwala a matenda a ku Malawi, ndipo matenda athu ndi ena. Tikapanda kusiyanitsa, tidzapempha boma chinthu chimene sichidzatichiritsa.

Tikatengera mabuku a akuluakulu, dziko la Malawi lili patsogolo pathu. Bungwe la United Nations loona za chitukuko, UNDP, limasanja maiko potengera zaka zimene munthu amakhala ndi moyo, zaka zimene amakhala pa sukulu ndi ndalama zimene amapeza. M'lipoti lake la 2023/24, mwa maiko 193, Zambia inali pa nambala 153, Malawi pa 172, ife pa 183. Kwa munthu amene amamva tsiku ndi tsiku za gasi wa ku Cabo Delgado, malasha a ku Moatize ndi magetsi a Cahora Bassa, nambala imeneyi imabaya mtima. Chimodzi mwa zotikokera pansi ndi sukulu: kalembera wa 2017 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse, 39 sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo kumidzi, makamaka pakati pa amayi, zinali zoposa pamenepo. Komabe nambala za dziko lonse zimaphika wa ku Maputo ndi wa ku Chifunde mumphika umodzi. Mlimi wa m'malire sayeza moyo motero. Iye amayang'ana munda, ndalama imene ili m'thumba, kumene akagulitse, ndi mtunda umene ayende mwana akatentha thupi pakati pa usiku.

Pa za munda palibe mpikisano. Chigawo chathu cha Tete chokha chili ndi masikweya kilomita pafupifupi 100,000, kuposa mtunda wonse wa Malawi mukachotsa nyanja. Kalembera wa 2017 anapeza anthu osakwana 3 miliyoni m'chigawo chino, pamene wa ku Malawi wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni. Mabanja ambiri kumeneko amalima malo osakwana hekitala imodzi, chimanga chaka ndi chaka pa nthaka yomweyo, popanda kuigoneka. N'chifukwa chake amabwera kuno kudzabwereka minda, kudzagwira ganyu, ena kudzakwatira n'kukhazikika. (Ku Angónia nakonso malo ayamba kuthina, afunseni anyakwawa kuchuluka kwa milandu ya malire a minda imene akuweruza masiku ano.) Lamulo lathu la za nthaka la 1997 limati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, ndipo banja limene lalima malo motsata mwambo, kapena mwachilungamo kwa zaka khumi, lili ndi ufulu umene timautcha DUAT ngakhale lilibe pepala. Ndi lamulo labwino. Mabanja oposa 700 amene anasamutsidwira ku Cateme m'zaka za 2009 ndi 2010 kuti kampani ya Vale ikumbe malasha, amene anafika potseka njanji mu Januwale 2012, angakuuzeni pamene mphamvu yake imathera. Koma kwa mlimi wamba wa ku Macanga kapena ku Tsangano, malo olima alipo.

Kuchepa kwa malo kumeneku ndi kumene kunabala makuponi. Munda waung'ono wotopa ukapanda feteleza supereka kanthu, ndipo banja limagona ndi njala. Itavuta njala ya 2002 ndi ya 2005, malemu a Bingu wa Mutharika anayambitsa ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo mu 2005, ngakhale maiko ena othandiza Malawi sankagwirizana nazo. Zaka zoyambirira chimanga chinachuluka ndipo dzikolo linatamandidwa kunja. Kuyambira pamenepo palibe wandale ku Malawi amene angapemphe voti osatchula thumba la feteleza. Mu 2020 a Lazarus Chakwera anabwera ndi ndondomeko ya AIP: thumba la makilogalamu 50 pa K4,495, kwa mabanja oposa 3 miliyoni. Kenako feteleza anakwera mtengo pa dziko lonse lapansi, nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 zinthu zinanyanya, ndipo boma linayamba kubwerera m'mbuyo. Thumba lija linafika pa K7,500, kenako pa K15,000, ndipo pofika nyengo ya 2023/24 olandira anatsala pafupifupi 1.5 miliyoni. Mu 2022 kunaphulikanso nkhani yoti K750 miliyoni yogulira feteleza inalipidwa ku kampani ina ya ku Britain imene ntchito yake yodziwika inali ya nyama, ndipo nduna ya zamalimidwe inachotsedwa pa mpando.

Patatha zaka pafupifupi makumi awiri za makuponi, ng'amba ya El Niño itafika mu 2024, boma la Malawi linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi, ndipo anthu pafupifupi 5.7 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Sitinganene kuti kuponi ndiyo inaletsa mvula. Ng'amba yomweyo inawotcha Changara, Mágoè ndi Cahora Bassa kuno kwathu, ndiponso theka la Zambia. Chimene akatswiri a ku Malawi komweko akhala akudandaula n'chakuti ndalama za unduna wa zamalimidwe zimathera kwambiri m'feteleza, n'kutsala zochepa za ulimi wothirira, alangizi ndi kafukufuku wa mbewu. Ndipo taganizirani kukula kwa thandizolo: matumba awiri, limodzi lokulitsa ndi lina lobereketsa, amakwanira pafupifupi ekala imodzi. Kwa banja la ku Ntcheu limene munda wake wonse ndi womwewo, matumba awiriwo ndi moyo. Kwa mlimi wa ku Furancungo amene amalima mahekitala atatu, ndi mchere wa m'ndiwo chabe.

Palinso mtengo wina wa makuponi umene suoneka pa depoti. Feteleza ameneyu amagulidwa kunja ndi madola, wambiri amatsikira pa madoko athu a Beira ndi Nacala n'kudutsa m'misewu ndi njanji zathu. Dziko la Malawi limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, ndipo madola akasowa, kwacha imagwa. Mu Meyi 2022 anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 anaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki, osanena za mtengo wa osintha ndalama a pamsewu umene unathamanga kutali kwambiri. Metikali yathu, kuyambira 2021, yakhala ikuzungulira pa 63 ndi 64 pa dola.

Tiyeni tiziwerenge ngati mmene timawerengera matumba. Mlimi wa ku Biri-Biri wagulitsa nyemba tsidya lija n'kusunga K118,000 m'chitini, kudikira kuti agule malata. Tsiku limene kwacha isanagwe, ndalamayo pa mtengo wa kubanki inali madola 100, kapena kuti mametikali pafupifupi 6,400. M'mawa mwake inali mametikali pafupifupi 4,400. Palibe wakuba amene analowa m'nyumba, koma gawo limodzi mwa magawo atatu a thukuta lake linapita. Izi zimachitika kwa anthu a dziko lino, okhala pa nthaka ya dziko lino, amene sanavotepo ku Malawi ndipo sadzalandirapo kuponi. Amalipira nawo ngongole ya ndondomeko imene sakudya nawo. Kukwera mitengo kwa chimanga, feteleza ndi mafuta a galimoto ndi zina mwa zimene zinali pakamwa pa aliyense pa chisankho cha ku Malawi cha mu Seputembala 2025, pamene a Peter Mutharika anabwereranso pa mpando. Tisadzitame kwambiri: metikali nayonso inagwa chagada mu 2016 zitaululika ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo amalonda athu nawonso amadandaula za kusowa kwa madola m'mabanki. Koma lero, pakati pa ndalama ziwirizi, yosungika m'chitini ndi metikali.

Ndiye n'chifukwa chiyani mlimi wathu amalandirabe kwacha? Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Amailandira chifukwa wogula ali kumeneko. Msewu waukulu wa Malawi wa M1, wa phula, umayenda m'mphepete mwenimweni mwa malire kuchokera ku Dedza mpaka ku Ntcheu, ndipo pa Lizulu munthu amagula kabichi mwendo wina uli ku Malawi wina uli ku Moçambique. Magalimoto ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amafika pamenepo kudzatenga kachewere, tomato, nyemba ndi chimanga, ndipo zambiri mwa izo zalimidwa tsidya lino. Munthu wa ku Ulónguè ali pafupi ndi Lilongwe kuposa mzinda wa Tete, umene uli pa mtunda wopitirira makilomita 200. Maputo ili pa makilomita opitirira 1,500, ndipo ulendo wake ndi wodula mwakuti makampani ogaya ufa a kumeneko amaona chapafupi kugula chimanga ku South Africa kusiyana n'kuitanitsa cha ku Angónia. Dziko limodzi, kum'mwera akugula chimanga chakunja, kuno chikufumbwa m'nkhokwe.

Si kuti boma la Malawi limagula bwino mbewu. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, yakhala ikufika pa msika mochedwa ndiponso yopanda ndalama, ndipo mu 2022 inafika potsekedwa kwa kanthawi n'kuchotsa antchito. Mphamvu ya msika wa Malawi ndi anthu ambiri, pakamwa pambiri, ndi msewu wabwino pafupi. Ku Zambia, kumene abale a ku Chifunde ndi Marávia amayang'ana kudzera pa Cassacatiza, bungwe la FRA limalengeza mtengo wa chimanga chaka chilichonse, ndipo ngakhale limachedwa kulipira, mlimi amakhala ndi nambala yoyambira pokangana ndi venda. Ife tili ndi Instituto de Cereais de Moçambique, tili ndi nkhokwe zazikulu zachitsulo ku Ulónguè, koma kumudzi amene amafika mu Epulo ndi Meyi ndi mnyamata wa sikelo yopachika pa mtengo. Mtengo amatchula ndi iye, chifukwa akudziwa kuti mlatho wa panjira unakokoloka ndipo galimoto ina sibwera. Chimanga chomwecho chimabwerera mu Januwale pa mtengo wokwera, kwa mlimi yemweyo.

Umboni woti vuto lathu ndi msika tili nawo pakhomo pomwe: fodya. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene ili ndi fakitale mumzinda wa Tete, imapereka mbewu ndi feteleza pa ngongole, imatumiza mlangizi, ndipo imagula. Alimi amadandaula, ndipo nthawi zambiri n'zomveka, za magiredi ndi za kukhala ndi wogula mmodzi yekha amene sungamuthawe. Koma onani kuti pamene pali wogula wotsimikizika, feteleza amafika mpaka kumudzi wakutali popanda kuponi ya boma. M'dziko limene alimi ang'onoang'ono ochepa kwambiri amathira feteleza, maboma athu a kumapiri kuno ndi ena mwa amene amathira kwambiri, ndipo fodya ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Ndondomeko ya Sustenta, imene inayamba mu 2017 ku Nampula ndi Zambézia n'kufalikira dziko lonse mu 2020, inayesa njira yofanana: kupatsa mlimi wokulirapo thirakitala ndi ngongole kuti akoke ang'onoang'ono omuzungulira. Ganizo silinali loipa. Amene anafikiridwa anali ochepa poyerekeza ndi alimi onse, ndipo funso loti soya ndi chimanga chochulukacho agula ndani, pa mtengo wanji, silinayankhidwe mokwanira.

Pa chipata penipeni pali ntchito ina. Pakati pa Malawi ndi Zambia, kuyambira 2010, pali dongosolo la COMESA lopeputsa malonda ang'onoang'ono, loti mayi wa katundu wochepa adutse pa Mchinji ndi pepala losavuta. Dziko lathu linatuluka mu COMESA mu 1997. Mayi wa matumba asanu a nyemba akaona kuti pa chipata pali mapepala amene sawamvetsa ndi manja ambiri otambasuka, amadzera njira yachidule ya m'tchire, kumene akakumana ndi msilikali wa m'malire alibe pepala lomuteteza. Ndipo maboma a maiko atatuwa, njala ikangonunkhira, amathamangira kuletsa chimanga kutuluka. Zambia inatero mu 2024. Chiletso chotere chikagwa tsidya lino, wolangidwa ndi mlimi amene walima bwino.

Tikafika pa chipatala ndi sukulu, kunena zoona, anzathu amatiposa, ndipo chifukwa chake chachikulu ndi mtunda. Mtengo si vuto: kwathu kuonana ndi dokotala ndi metikali imodzi, mankhwala mametikali asanu, ku Malawi zipatala za boma n'zaulere, za mishoni ndiye zolipira. Mankhwala amasowa mbali zonse ziwiri, ndipo kudulidwa kwa thandizo la America mu 2025 kwagwedeza maiko onse awiri, makamaka pa za HIV. Kusiyana kuli apa: kumene anthu akhala mothithikana, chipatala chimodzi chimafikira midzi yambiri yoyenda wapansi, pamene kwathu kuno midzi ndi yotalikirana ndipo nkhondo ya zaka 16 inagwetsa zipatala ndi sukulu zambiri zimene zinalipo. Mayi woyembekezera sayang'ana mbendera, amapita kumene kuli pafupi. Matenda nawonso sayang'ana mbendera. Poliyo inapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, pofika Meyi inapezeka m'chigawo chino cha Tete, ndipo katemera anachita kuyenda mbali zonse ziwiri. Kolera imene inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi m'zaka za 2022 ndi 2023 sinaime pa Zóbuè kuti idinditse chiphaso.

Sukulu ya pulayimale ku Malawi inakhala yaulere mu 1994, kwathu patapita zaka pafupifupi khumi. Lamulo lathu la 2018 linakweza maphunziro okakamiza mpaka kalasi 9, pamene Zambia inachotsa fizi mpaka kumapeto kwa sekondale mu 2022. Koma kholo la m'malire likamatumiza mwana tsidya lija, kawirikawiri limatchula zinthu ziwiri: sukulu ili pafupi, ndipo mwana akumva zimene aphunzitsi akunena. Chichewa kumeneko chili m'mabuku ndi m'mayeso. Kwathu kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri kunayesedwa koyamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo Chinyanja cha kuno ku Tete chinali chimodzi mwa zilankhulo ziwiri zoyambirira, koma mpaka lero ana ambiri amakumana ndi Chipwitikizi chokhachokha tsiku loyamba. Kholo lidziwenso mtengo wa njira imeneyi: mwana wophunzira ku Malawi amabwera ndi Chingerezi ndi satifiketi ya kumeneko, ndipo pofuna ntchito m'boma lathu amapeza khomo la Chipwitikizi lili chitsekere.

Chinthu chimodzi chimene a UNDP sachiika pa sikelo yawo ndi mtendere. Dziko la Malawi silinamenyanepo nkhondo yapachiweniweni. Anthu athu oposa miliyoni imodzi anathawira kumeneko nkhondo isanathe mu 1992, ndipo ambiri mwa inu amene mukuwerenga nkhani ino munaphunzira a, e, i, o, u m'sukulu za ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza. Mu 2016 anthu a ku Moatize ndi Tsangano anadzazanso pa Kapise, ndipo kumapeto kwa 2024, zipolowe za chisankho zitakula, zikwi za anthu zinawolokera ku Nsanje. Masiku ano sitimva a Malawi akuthawira kuno chifukwa cha mfuti. Amabwera chifukwa cha munda, ndiponso m'miyezi imene mafuta anasowa kwawo, ankabwera ndi zigubu.

Za magetsi tingonena mwachidule. Damu la Cahora Bassa limatha kupanga mamegawati 2,075, ambiri amapita ku South Africa, ndipo nthambo ya makilomita 218 yochokera ku Matambo kukafika ku Phombeya m'boma la Balaka ndi yoti Malawi azigula magetsi athu. Pa chiwerengero cha nyumba zoyaka magetsi tili patsogolo pa Malawi. Mlimi amene amaona nthambo zikudutsa pamwamba pa munda wake, chigayo cha m'mudzi chikuyendera dizilo, ali ndi ufulu wosasangalala ndi chiwerengerocho.

Mu 2003 atsogoleri a maiko a mu Africa anasonkhana ku Maputo n'kulonjeza kuti 10 peresenti ya bajeti izipita ku ulimi. Dziko la Malawi lakhala likufika pa mlingo umenewu zaka zambiri, makamaka chifukwa cha feteleza. Ife, eni mzinda umene lonjezolo linasainidwira, zaka zambiri takhala pansi pake. Choncho oimba foni aja akulondola akamati boma lathu likuika zochepa m'munda. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa chimene tipemphe. Ndalama zogawira anthu m'manja tinaziona kale: mamiliyoni asanu ndi awiri a boma lililonse amene a Armando Guebuza anayambitsa mu 2006, ambiri mwa iwo sanabwezedwe, ndipo thumba latsopano la FDEL la a Daniel Chapo liyenera kuonetsa kuti silidzera njira yomweyo. Ndalama yomweyo ikamanga mlatho woti galimoto ya wogula wachiwiri ifike m'mudzi, sikelo ya woyamba uja imayamba kunena zoona. Ikapatsa ICM mphamvu yogula mu Meyi, ndi metikali, pa mtengo wolengezedwa pa wailesi, mlimi adzagula yekha feteleza mu Okutobala, matumba oposa awiri, ndipo sadzafunsa ngati dzina lake lili m'kaundula wa anyakwawa.

Bajeti ya chaka chamawa ikadzafika ku Assembleia da República, mizere iwiri imene tidzakuwerengereni pa wailesi ino ndi ya misewu ya m'maboma ndi ya ndalama zogulira mbewu. Amene mumakhala nawo m'misonkhano ya conselho consultivo ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde mutiuze milatho imene yalembedwa m'mapulani a chaka chino, ndi imene inalembedwanso chaka chatha.